Wopepuka Ndiye Akwere

Galimoto ikamatsukidwa ndi gulu, ntchito imagawika yokha popanda wolamula. Anyamata amphamvu amathamangira matayala, atsikana amatunga madzi ndi kusesa m'kati, ndipo sipalephera kupezeka wina wokonda kuonekera amene amagwira galasi lakutsogolo mpaka ntchito yonse kutha. Denga limatsalira kumapeto. Likatsala choncho, maso onse amatembenukira kwa munthu mmodzi, wamng'ono pa onse: "Iwe ndiwe wopepuka, takwera." Ine ndine wamfupi komanso wowonda chibadwire, choncho pa zaka zinayi za ku sekondale ndinakwera madenga ambiri: la minibasi ya sukulu, la basi yobwereka ya kwaya, ngakhale la galimoto ya alendo amene anangobwera kudzacheza kwa masiku awiri.

Chifukwa chosankhira wopepuka n'chomveka ndithu. Chitsulo cha denga la minibasi n'chopyapyala kwambiri, sichikwana ngakhale milimita imodzi, ndipo chimalimba chifukwa cha nthiti zachitsulo zimene zili kunsi kwake. Munthu wamkulu akaponda pakati pa nthiti ziwiri, denga limalira n'kupindikira m'kati, pamalopo pamayamba kudikha madzi, kenako dzimbiri. Mwini galimoto sangafune zimenezo. Komatu nzeru imeneyi imateteza chitsulo chokha. Tonse tinaphunzira m'kalasi ya sayansi kuti chinthu chopepuka ndi cholemera zimagwa ndi liwiro lofanana, koma tikafika pa galimoto timachita ngati mwana wowonda adzatsika pang'onopang'ono ngati nthenga ya nkhuku.

Tiyeni tiwerengere. Toyota Hiace wamba, amene timakwera tsiku ndi tsiku, ndi wotalika pafupifupi mamita awiri kuchokera pansi. Wa denga lalitali amafika mamita 2.3, ndipo Coaster imafika cha m'ma 2.6. Munthu wogwa kuchokera pa mamita awiri amafika pansi sekondi imodzi isanakwane n'komwe, ndipo amamenya nthaka pa liwiro la makilomita pafupifupi 22 pa ola. Wogwa pa Coaster amapitirira 25. Ganizirani njinga ya kabaza yothamanga pamtsetse itakuponyerani pa khoma. Ndipo ngati munthuyo anaimirira, mutu wake umayambira patali kuposa pamenepo ndi mita imodzi ndi theka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa ngozi zonse zopha anthu mwangozi, kugwa kuli pa nambala yachiwiri kutsatira ngozi za pamsewu, ndipo kumatenga miyoyo pafupifupi 684,000 chaka chilichonse. Si onse amene amagwa pa nsanja za omanga nyumba zosanja. Mamita awiri ndi okwanira.

Tili Fomu 4, kutatsala masabata asanu kuti mayeso a MSCE ayambe, kwaya inali ndi ulendo wokaimba ku mpingo wina. Lachisanu madzulo tinauzidwa kuti titsuke minibasi. Tsiku limenelo wokwera sanali ine, anali mnzanga wa m'kalasi, wochepa thupi ngati ine ndemwe. Anagwada chakumbuyo kwa denga atavala masilipasi, thovu likuyenderera mbali zonse. Wina atamukwezera ndowa ya madzi otsukuluzira, iye anadzuka kuti ailandire, phazi n'kuterereka. Panalibe chogwira. Anafikira manja, ndipo dzanja lamanja linathyoka pamkono. Mwayi wake unali woti pansi panali kapinga. Anakhala ndi chikhakha mpaka mayeso kuyamba, ndipo mapepala oyambirira analemba ndi dzanja lotupa, kulemba mizere itatu n'kupumira. Anakhoza, koma amene tinkaphunzira naye tikudziwa kuti mapointi amene anapeza sanali ake.

Chimene chimandiwawabe ndi mmene nkhaniyo inathera. Anthu anati mnyamatayo ndi wosasamala, akanavula masilipasi. Ena anati tsoka silinunkha. Sindinamve aliyense akufunsa kuti kodi mwanayo amakatani pamwamba pa chitsulo chonyowa ndi sopo. Ulendo wotsatira utakwana, galimoto inafunikanso kutsuka, ndipo wopepuka amene anatsala ndinali ine.

Ndionjezerepo za mmene anamunyamulira, chifukwa zimachitika kawirikawiri. Anthu anayi anamugwira manja ndi miyendo, mutu uli lendelende, n'kuthamanga naye. Zinangochitika kuti khosi lake linali bwino. Munthu akagwa kuchokera pamwamba sadzutsidwa msangamsanga. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo yake, wina agwire mutu wake kuti usagwedezeke, ndipo pomunyamula agonekedwe pa chinthu cholimba ngati chitseko, thupi lonse litawongoka. Asapatsidwe madzi kapena chakudya. Ngakhale atadzuka yekha n'kumaseka, ngati anamenyetsa mutu ayenera kuonedwa kuchipatala, makamaka akayamba kusanza, kuodzera kapena kuyankhula zosagwirizana, chifukwa magazi otayikira m'mutu amatha kudzaonekera patapita maola angapo.

Njira ina yotsukira denga ndinakaiphunzira ku Luchenza, kwa amalume anga, pamene ndinkadikira zotsatira za mayeso. Iwo amayendetsa Hiace pa msewu wa Limbe kupita ku Mulanje. Lamulungu loyamba atatulutsa zidebe, ndinavula nsapato mwachizolowezi n'kugwira chitseko.

"Ukupita kuti, mphwanga?"

"Kudenga, amalume."

"Tsika. Pa galimoto yanga sipakwera munthu. Ukagwa ndikawauza chiyani amayi ako?"

Ndinaganiza kuti basi denga lawo silitsukidwa. Nditaima pa benchi n'kusuzumira, ndinapeza kuti linali loyera kuposa madenga onse amene ndinagwadapo.

Pali anthu amene amati denga lisiyeni, ndani amaliona? Amenewonso akulakwitsa. Denga ndi limene limalandira dzuwa lonse la masana molunjika, ndipo penti wake ndi amene amayamba kufwifwa. Zitosi za mbalame zili ndi asidi amene amadya penti zikakhalitsa, makamaka chitsulo chikatentha. Onjezanipo za mileme, utomoni wa mitengo, ndi maluwa a jakaranda amene amayoyoka mu Seputembala ndi Okutobala n'kumatirira. Choopsa kwambiri ndi timipita ta madzi ta m'mbali mwa denga. Timadzaza fumbi ndi masamba, ndipo nyengo ya chiperoni, pamene kumangowaza kwa masiku atatu kapena anayi, matope amenewo samauma. Dzimbiri limayambira mmenemo mwakachetechete. Mwini wake amadzadziwa mu Disembala, wokwera wa pampando wakumbuyo akayamba kudandaula kuti akudonthedwa. Apo ndiye kuti galimoto ipite kwa owotcherera, ikhale masiku osagwira ntchito, ndipo banja lonse limene limadya pa galimotoyo limamva kuwawa.

Amalume amayamba ndi kusankha malo. Pafunika pansi pathyathyathya ndi polimba, osati pa simenti yomera ndere. Amakoka handibuleki, kusiya galimoto mu giya, kuika miyala ku matayala, makiyi n'kuponya m'thumba kuti wina asaisunthe munthu ali pa ntchito. Akatero amayang'ana kumwamba. Poyamba ndinkadabwa kuti akufuna mvula kapena chiyani, koma iwo amafuna mawaya. Waya wa ESCOM wolowa m'nyumba amakhala ndi mavoti 230, okwanira kupha munthu woima pa nthaka yonyowa, ndipo amene amadutsa pamwamba pa mapolo akuluakulu amanyamula 11,000 kapena 33,000. Magetsi amphamvu choncho amatha kudumphira pa chinthu chisanawakhudze n'komwe. Mtengo wa aluminiyamu umadutsa magetsi, nsungwi yonyowa imadutsanso. Amene akukweza ndodo yaitali pamwamba pa galimoto maso ake amakhala pa thovu, sakumbukira za waya, choncho nkhani ya waya imathetsedwa galimoto isanaimikidwe. Kukamachita ziphaliwali ntchito imaimitsidwa.

Zida zawo n'ziwiri, ndipo palibe yogula ku sitolo yaikulu. Choyamba ndi nsungwi youma ya mamita awiri, kumapeto kwake atamangirira mopu yofewa ndi mphira wa chubu, mphirawo atauzunguliza mokwanira kuti nsonga ya nsungwi isakande penti. Chachiwiri ndi benchi imene kalipentala wa pamsika anawakhomera: yotalika kufika m'ntchafu, yotambalala moti mapazi onse awiri amaponda bwinobwino, miyendo yake yotangadza. Ine ndikaimapo, mapewa anga amalingana ndi denga. Hiace ndi wotambalala pafupifupi mamita 1.7, ndiye kuti kuchokera mbali imodzi umangofunika kufika pakati, masentimita osapitirira 90. Ukamaliza mbali iyi umatsika, kunyamula benchi, n'kukayamba mbali inayo. Kutsikatsika kumeneku n'kotopetsa, ndipo m'pamene ambiri amagonjera. Dzanja likatsala pang'ono kufika pa kadontho kena, mtima umati tangonyanyamphira. Amalume akakuona ukuima ndi zala za kumapazi amangogogoda benchi ndi chala, osayankhula kanthu.

Zimene anthu amakonda kupondapo m'malo mwa benchi ndazionapo zambiri. Mgolo umagubuduka. Mpando wa pulasitiki, wa mtundu umene timakhalira ku misonkhano ya misasa, umatangadza miyendo n'kuthyoka mosachenjeza. Chidebe chovundikira n'chochepa, ndipo chikanyowa chimaterera. Ena amaponda tayala kapena pakhomo la galimoto, dzanja limodzi litagwira kampita ka madzi, linalo likukwecha. Dzanja logwiralo likangolowa sopo nkhani yatha. Pa masukulu ambiri pali khonde lokwera kapena kachiunda kamene galimoto ingaime m'mbali mwake. Pamenepo ndiye pabwino kuposa ponse, chifukwa munthu amaima pa nthaka yeniyeni, bola pakati pa khonde ndi galimoto pasakhale mpata wolowa mwendo.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti amalume amayambira denga. Ukaganiza bwino, n'zodziwikiratu: madzi akuda a padenga amatsikira m'mbali, ndiye ukalitsuka pomaliza wadetsanso zonse zimene unatsuka. Koma palinso china. Denga likasiyidwa kumapeto, limatsukidwa pa nthawi yoipitsitsa, pansi ponse pali matope, mapazi ali ndi sopo, anthu atopa, kunja kukuda. Poyambirira pansi pamakhala pouma ndipo benchi imakhazikika. Amathira kaye madzi okhaokha kuti mchenga utsike, chifukwa mchenga ukakokedwa ndi mopu umalemba mizere pa penti ngati sandipepala. Amakhala ndi zidebe ziwiri, china cha sopo, china chotsukuluzira mopu, ndipo zonse zimakhala pansi. Pa benchi pamakwera munthu ndi nsungwi basi. Sopo wa ufa wochapira zovala samugwiritsa ntchito, ngakhale ndi amene amapezeka pafupi, chifukwa amachotsa polishi yense n'kusiya penti wotuwa. Zitosi zouma sazipala. Amayalapo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, zikafewa zimachoka zokha. Timipita ta m'mbali amatsuka ndi mswachi wakale.

Pamenepa ndiyenera kunena za Lachisanu, chifukwa kwa ife ndi pamene pali msampha. Tsiku lokonzekera limakhala ndi zambiri: kuchapa, kusita, kusesa, kuphika. Galimoto imakumbukiridwa cha m'ma 4 koloko, ndipo mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangodutsa pang'ono. Aliyense akufuna ntchito ithe Sabata lisanalowe, ndipo kufuna kumeneko n'kwabwino. Koma denga losiyidwa kumapeto, pa tsiku lothamanga, m'chisisira, ndi limene linathyola dzanja la mnzanga. Denga silifuna kutsukidwa mlungu uliwonse monga m'mbali. Lingatsukidwe Lamulungu m'mawa kapena Lachinayi, ndipo Lachisanu n'kungopukuta pamene manja akufika. Ngati nthawi yathadi, kwaya ipite ndi denga lafumbi. Amene akukailandira sadzakwera mumtengo kuti aone. Lamulo la pa Deuteronomo 22:8 lonena za kampanda ka padenga la nyumba limaika mlandu wa munthu wogwa pa mwini nyumba, ndipo ndikaliwerenga ndimakumbukira mmene tonse tinaloza masilipasi.

Coaster ndi basi zikuluzikulu benchi sikwanira, pamafunika makwerero. Ambiri a ife makwerero amene timawadziwa ndi a bulugamu okhoma ndi misomali, amene amakhala kuseri kwa tchalitchi akuvumbwa ndi mvula chaka chonse. Musanakwere, gwedezani popondera paliponse. Kumutu kwake kulungani nsanza kuti asakande penti, ndipo atsamire pa chitsulo cholimba cha m'mphepete mwa denga, osati pa galasi. Kapendekedwe kake kali ndi muyeso: pa mamita anayi alionse okwera, miyendo italikire mita imodzi. Pa Coaster ndiye kuti miyendo ikhale masentimita ngati 65 kuchokera pa galimoto. Akaima chilili amakugwetserani chagada, akagona kwambiri amaterereka kunsi. Munthu wamkulu agwire pansi nthawi yonse, osachokapo kukatunga madzi. Wokwera asunge mapazi awiri ndi dzanja limodzi pa makwerero, ndipo chitsulo cha lamba wake chisatuluke kunja kwa mitengo iwiri ya m'mbali. Chikatuluka ndiye kuti wasenderera mopitirira. Atsike, asunthe makwerero. Nsapato zikhale zomanga, za mphira kunsi, ndipo azipukute asanakwere.

Ndipo wokwerayo akhale wamkulu. Chaka chamawa ndipita kukaphunzitsa moyeserera, ndipo ndikudziwa mmene mawu a mphunzitsi amalemerera. Mwana wa Fomu 1 akauzidwa kuti kwera, sangayankhe kuti ndikuopa, makamaka anzake akuonerera. Lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsanso kupatsa ntchito zoopsa amene sanafike zaka 18. Kutsuka galimoto ya sukulu si ntchito yolembedwa, n'zoona, koma zimandivuta kumvetsa kuti chimene mwini kampani sangaloledwe kumuchititsa mwana, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amuchititse kwaulere. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sindinaonepo mphunzitsi akukweza mwana wake womubereka pa denga la sopo.

Mnzanga wina wa m'chipinda anandiseka nditamufotokozera zimenezi. Anati tikulera ana ngati mazira, chonsecho ana omwewo amakwera mitengo ya mango yotalika kuwirikiza katatu. N'zoona, ndipo ena amagwa, achipatala amadziwa bwino nyengo ya mango. Koma mtengo uli ndi nthambi zogwira, khungwa lake ndi louma ndi lokhakhala, ndipo mwana amakwera mwa kufuna kwake, akachita mantha amatsika. Denga la galimoto ndi losalala, lozungulira m'mbali, lopanda chogwira, ndipo munthu amene ali pamwambayo ndi amene akulithira zoterera.

Polishi ndiye amaonjezera vuto limeneli. Polishi wabwino wa galimoto nthawi zambiri amakhala ndi phula la carnauba, lochokera ku masamba a mtundu wina wa mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Phula limeneli ndi lolimba, silisungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 80, n'chifukwa chake limapirira dzuwa la padenga. Ntchito yake ndi kuika kachikopa kopyapyala pakati pa penti ndi dzuwa, madzi ndi zitosi. Popeza safunsa anadya phula, ndinafunsa amalume ngati polishi wa pansi m'nyumba angagwire ntchito yomweyo, poti ndi wotchipa. Anati ameneyo anapangidwira simenti, amagwira fumbi, ndipo wofiira amasiya mtundu wake pa galimoto yoyera.

Polishi amapakidwa denga litauma ndiponso litazizira, pamthunzi kapena m'mamawa. Pa chitsulo chotentha amauma nthawi yomweyo n'kukanirira, ndipo pomupukuta munthu amakankha ndi mphamvu zonse ali pamwamba pa benchi, zimene sizifunika. Amapakidwa pang'ono kwambiri, kachigawo kamodzi kofika pamene dzanja likuthera, ndi siponji yofewa. Ukadikira pang'ono amachita mbuu. Ukadutsitsa chala n'kuona kuti pasiya mzere woyera bwino, wakwana kupukuta. Cha pakati pamene dzanja silifika, amalume amakulunga kathawulo kouma ku nsungwi ija. Pakatipo sipawala ngati m'mbali, koma phula limakhala lafika. Masiku ano kulinso polishi wopopera, amene amathiridwa denga likadali lonyowa n'kupukutidwa ndi mopu. Sakhalitsa ngati wa m'chitini koma ndi wosavuta kwa galimoto zazitali. Wa m'chitini amatha miyezi iwiri kapena itatu. Kudziwa kuti watha n'kosavuta: thirani kapu ya madzi padenga. Akachita timadontho tozungulira ngati mikanda, phula lilipo. Akayala n'kumata, pakaninso. Nthawi yosaphonya ndi kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe.

Amene amapaka polishi atagwada padenga amakhala akudzitchera yekha msampha, chifukwa paliponse pamene wamaliza pasanduka poterera kuposa sopo, ndipo potsika ayenera kudutsa pomwepo. Manja a polishi nawonso sagwira makwerero bwino, choncho nsanza youma ikhale m'thumba. Ngoziyi simathera tsiku lomwelo. Mawa lake kondakitala kapena mnyamata wokweza katundu adzaponda pamwambapo mmene amachitira masiku onse, osadziwa kuti denga lasintha. Amalume akapaka polishi amamuuza kondakitala wawo madzulo omwewo, ndipo m'mawa asananyamuke amamukumbutsanso.

Pali malo amodzi amene nsungwi ndi benchi zimalephera: pansi pa kaliyala, pa galimoto zimene zili naye. Miyendo yake imakanikiza m'timipita ta madzi, imakhula penti galimoto ikamagwedezeka, ndipo pansi pake pamabisala matope amene mopu siingawapeze. Amalume amamumasula kawiri pa chaka. Amaitana amuna anayi, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, onse ataima pa mabenchi, n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Ulendo umene ndinalipo tinapeza timadontho titatu ta dzimbiri, tating'ono ngati mbewu za mapira. Anatikwecha ndi sandipepala mpaka chitsulo kuwala, kupaka penti woletsa dzimbiri, kenako woyera, ndipo pobwezeretsa kaliyala anaika tizidutswa ta chubu pansi pa mwendo uliwonse. Polishi pamalo amenewo anadikira mwezi wathunthu kuti penti watsopanoyo aume kaye.